Phewa la Yakobo ndi Mlendo wa ku Lichinga

Yakobo analephera kukweza dengu. Linali dengu wamba la usipa wauwisi, loti ngakhale mtsikana akanalinyamula akuimba, koma mkono wamanja utangofika polingana ndi phewa, ululu unamubaya ngati mbedza. Dengu linapendekeka, usipa wonse waa mumchenga, pansi pa thandala.

Munali mu 1990. Ku Chembe aliyense ankamudziwa Yakobo ngati mlovi, msodzi wamphamvu pa bwato la a Howard, munthu amene anagwira nkhafi asanamere ndevu. Koma chisiyireni mvula, phewa lake linali litamuukira. Ngakhale kuvala malaya inali nkhondo. Mayi ake, a Dorika, anapita naye kokatemera, mphini mbwee phewa lonse, koma sizinathandize. Mapiritsi a kuchipatala ankangougoneka ululuwo, ukadzuka n'kuyambira pomwe unasiyira. Tsopano anzake ankapita kokakoka khoka la chilimira, iye n'kumatsala kumathandala, kuyanika nsomba pamodzi ndi azimayi.

"Musawerame, ndikutolerani."

Amene analankhulayo anali mayi wachitsikana, wochepa thupi, wovala chitenje chofwifwa. Chinyanja chake chinali cha kutsidya. Yakobo anamuzindikira. Anali Leticia, mlongo wake wa Avelino, bambo wa mwendo umodzi amene ankasoka makoka kwa a Howard. Awiriwo anathawa nkhondo ku Mozambique, ndipo a Howard anawapatsa kanyumba kuseri kwa shedi yosungiramo makoka.

"Limapweteka mukakweza mkono chonchi, eti?" anafunsa Leticia, maso ali pa usipa umene ankatola. "Koma mkono ukakhala pansi, zii. Ndipo mbali imeneyo simungagonere."

"Mwadziwa bwanji? Ndinu asing'anga?"

"Ayi. Ku Lichinga ndinkathandiza m'chipinda chimene ovulala amaphunziriramo kugwiritsanso ntchito manja ndi miyendo. Achimwene anganso phewa linawavuta chifukwa cha ndodo zoyendera. M'mawa uliwonse timachita timasewero tina kuseri kwa shedi. Mukafuna bwerani. Palibe chakumwa, palibe chotemera, ndi khama basi."

Ananyamula dengu lija n'kulikhuthulira pathandala, n'kumapita osadikira zikomo.

* * *

M'mawa mwake Yakobo anapita, akudziuza kuti akungokaonerera. Anapeza Avelino atakhala pachigoba cha bwato lakale, ndodo zake atazitsamiritsa kukhoma.

"Adokotala, wodwala wina uyu!" Avelino anafuula akuseka. "Achimwene, limbani mtima. Mlongo wangayu alibe chisoni."

Leticia sanaseke nawo. "Imani chilili. Tsitsani manja. Taonani mmene mwaimira, mapewa agwera kutsogolo ngati mukupalasabe. Zaka zonsezi minofu ya pachifuwa yakhala ikukoka, ya kumsana ili mtulo."

"Koma kumsana sikukupweteka. Kukupweteka ndi kutsogolo kuno."

"Kumsanako kuli mafupa awiri aphanthiphanthi, okhala ngati makasu. Mkono umatsamira pamenepo. Fupa limenelo likagwera kutsogolo, kampata kodutsa mtsempha pamwamba pa phewa kamachepa. Ndiye mukakweza mkono, mtsemphawo umapanika ngati chala pachitseko. Tikalimbitsa kumsana, chitsekocho chitseguka. Tsopano kokerani mafupawo kumbuyo kuti akumane, ngati mukufuna kupana usipa umodzi pakati pawo. Ayi, osakweza mapewa kumakutu. Kumbuyo, kenako pansi."

Yakobo anayesa, koma thupi silinamve. Munthu woti ankawoloka mafunde a mphepo ya mwera analephera kusuntha fupa lake lomwe. Leticia anayang'ana mlongo wake. Avelino anagwedeza mutu kuvomereza. Pamenepo mayiyo anaika chikhatho pamsana pa Yakobo, pamwamba pa malaya.

"Fupa lake ndi ili. Libweretseni pomwe pali chala changa."

Chinachake chinasuntha pansi pa chikhathocho.

"Eya, pomwepo. Gwirani choncho. Pumani, musabanike. Masulani. Bwerezani."

Kenaka anamuimika moyang'ana khoma, mikono itagunda khomalo kuyambira m'zigongono, n'kumaikwezera m'mwamba pang'onopang'ono, kulekezera pomwe ululu wayambira. Anamuonetsanso kukankha khoma ndi zikhatho mpaka mafupa aja atatalikirana, kenaka n'kuwabweza. Thukuta linatsika ngati wakoka khoka.

"Mukamva kutopa, zili bwino," anatero Leticia. "Mukamva kubaya, siyani. Ndipo nkhafi muyambe mwaiiwala."

"Mlovi wopanda nkhafi ndi munthu ngati?"

Avelino anamenya pang'ono pomwe panathera mwendo wake. "Nanga ine ndine chiyani, achimwene?"

Yakobo anazyolika, manyazi atamugwira. Koma Avelino anangomuponyera mtedza wokazinga. "Idyani. Mawa mulawire, adokotala sakonda ochedwa."

* * *

Mwera unafika, nyanja n'kukwiya, mabwato n'kugona pamchenga. Yakobo sankajomba. Leticia anadula chubu chakale cha njinga n'kuchimangirira ku nsanamira ya shedi. Yakobo ankagwira nsonga zake ziwiri n'kumakoka, zigongono zikudutsa m'nthiti, mafupa a kumsana akukumana. Ululu sunachoke msanga, koma unayamba kubwerera m'mbuyo. Mkono unkakwera kupitirira pomwe unalekeza sabata yatha.

Pobwera sankabwera chimanjamanja. Lero kampango, mawa chinangwa. Leticia ankalandira ndi manja awiri, osayang'ana kumaso. Pang'ono ndi pang'ono anayamba kumasuka. Anamuuza za kuzizira kwa ku Lichinga, koti m'mawa munthu umatulutsa utsi m'kamwa, za mbatata za kachewere, ndi za mudzi wa amayi ake umene anthu amfuti anautentha. Akafika pamenepo ankasiya, n'kunena kuti, "Mapewa pansi, a Yakobo. Mwawakwezanso."

Tsiku lina Avelino anapita kukapereka khoka limene anamaliza kusoka. Kuseri kwa shedi kunatsala awiri.

"Ndikachira, ndizibwera kuno ndi chifukwa chanji?" anafunsa Yakobo, chubu chili m'manja.

"Mukachira muzipita kunyanja."

"Ndiye sindichira."

Leticia anaseka, kuseka kwenikweni, koyamba chibwerereni ku Chembe. Anatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje ngati wachita cholakwa.

"Sindikuseleula," Yakobo anatsitsa mawu. "Ndikufuna ndikauze amalume anga. Abwere adzaonane ndi achimwene anu."

"Ine ndine munthu wa m'njira, a Yakobo. Ndilibe mudzi, ndilibe munda. Ngakhale mphasa imene ndimagonera ndi yobwereka."

"Simunakane."

"Sindinavomerenso." Anaima kumbuyo kwake. "Kokani. Pang'onopang'ono."

Anaika chikhatho pamsana pake monga mwa masiku onse. Koma chubu chitabwerera, chikhathocho sichinachoke. Onse awiri ankangomvetsera mphepo ikuwomba malata a shedi.

Sanaone kuti pakona pa khoma paima Keti, mwana wamkazi wa a Howard, atanyamula tiyi wa Avelino. Keti anakula ndi Yakobo, ankaimba limodzi kwaya, ndipo mudzi wonse unali utawakwatitsa kale m'kamwa. Anaika kapu pansi mwakachetechete, n'kubwerera.

* * *

Masana a tsiku lomwelo, a Dorika anamudikirira Yakobo pakhonde akusenda chinangwa.

"Ndamva kuti wapeza chipatala kuseri kwa shedi."

"Eya, amayi. Taonani." Yakobo anakweza mkono mpaka kukhutu. "Mwezi watha sindikanatha."

"Mkono ndauona. Ndikufunsa za mutu. Mkazi wosamudziwa azikusisita kumsana dzuwa likuswa mtengo, mudzi wonse n'kumaseka ine? Ukudziwa zimene amapaka m'manjamo?"

"Sapaka kanthu. Ndipo si wachilendo kwa ine. Amayi, ndikufuna kumukwatira."

Mpeni unagwera m'beseni. A Dorika anapukuta manja pachitenje. Atayamba kulankhula, mawu awo sanali aukali, ndipo zimenezo n'zimene zinamupweteka kwambiri.

"Mwana wanga, sindikudana naye. Amandipatsa moni mwaulemu. Koma tandiuza, amalume ako akagogoda pakhomo pa yani? Ankhoswe ake ali kuti? Mlongo wake mmodzi yemweyo, woti nayenso akusungidwa? Ukafuna kukaona kwawo kwa mkazi wako, ukapita kuti, kuphulusa? Mlendo ndi mame, Yakobo. Nkhondo ikadzatha adzanyamuka, ndipo ana adzapita ndi mayi wawo. Ine ndinaika abambo ako m'manda, ndinaika mkulu wako. Ukufuna ndidzalirenso adzukulu ali moyo?"

"Akhoza kukhala konkuno."

"Konkuno kwa yani? Nyumba akugonamoyo ndi ya a Howard. Bwato umakweralo ndi la a Howard. Chinangwa ichi ndagula ndi nsomba za a Howard, amene akutipatsabe ndiwo iwe osagwira ntchito. Ukuganiza akuchitira yani zimenezo? Keti wakana amuna angati chifukwa cha iwe?"

"Sindinamulonjeze kanthu Keti."

"Unakhala chete. Kwa mtsikana, chete wa zaka zonsezi ndi lonjezo."



* * *

M'mawa kutacha, Keti anamupeza Leticia akutsuka mbale m'mphepete mwa madzi. Anagwada pambali pake n'kuyamba kutsuka zake.

"Mwadzuka bwanji, achemwali?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu, a Keti?"

"Ndabwera kudzathokoza. Mwandikonzera bwino mwamuna wanga. Ndinkada nkhawa kuti pa chinkhoswe adzalephera kuvala jekete."

Mbale inaterereka m'manja mwa Leticia, n'kumira. Anaivuula pang'onopang'ono.

"Chinkhoswe?"

"Sanakuuzeni? Mwezi wamawa. Akuluakulu anakambirana kale. Amuna ndi choncho, akadwala amakonda aliyense wowagwira." Keti anatsukuluza poto wake. "Inetu sindikukuimbani mlandu. Koma anthu akulankhula, ndipo zafika m'makutu mwa bambo anga. Iwo ndi mkulu wa mpingo. Akuti sangasunge zinthu zotere kuseri kwa shedi yawo. Muwaganizire achimwene anu. Munthu wa mwendo umodzi ntchito angakaipeze kuti?"

Leticia anasonkhanitsa mbale zake, zina zisanatsukidwe, n'kumapita.

Yakobo atafika kushedi, anapeza chubu chitamasulidwa pa nsanamira, chitapindidwa bwinobwino. Avelino anali pa khoka, singano ikuyenda, osadzutsa mutu.

"Tengani ichi," anatero Leticia. "Mwachira mokwanira. Zotsalazo mutha kuchita nokha kwanu."

"Chachitika n'chiyani?"

"Palibe. Mumangirire pamtengo wolimba, polingana ndi chifuwa. Musasiye chifukwa choti ululu wachepa. Nkhafi muyambire pafupi ndi gombe, osati kutali."

"Leticia, ndikufunsa kuti chachitika n'chiyani? Dzulo lomweli..."

"Dzulo ndinalakwitsa. Musabwerenso kuno, a Yakobo. Chonde. Ngati mumandifunira zabwino, musabwerenso."

"A Avelino, inu simunenapo kanthu?"

Avelino anadula ulusi ndi mano. "Ife ndife alendo, achimwene. Mlendo sakweza mawu."

Leticia analowa m'kanyumba n'kutseka chitseko. Yakobo anaima panja kwa kanthawi, chubu chili m'manja. M'katimo simunamveke kulira. Munangomveka mbale zikuikidwa pansi imodziimodzi.

* * *

Yakobo anamangirira chubucho pamtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya amayi ake. Ankakoka yekha. Ankakwera khoma ndi mikono yekha. Pokokera mafupa aja kumbuyo, msana wake unkadikira chikhatho chimene sichinkabwera. Akakweza mapewa molakwika, ankamva mawu aja m'mutu, n'kuwatsitsa.

Anamvera zimene anauzidwa, kushedi sanapondeko. Ankati akamuona Leticia patali akutunga madzi, iye ankatembenukira kwina, poopa kumuonjezera mavuto amene sankawamvetsa.

Mwera utaleka, anatenga kabwato kakang'ono n'kupalasa m'mbali mwa gombe. Phewa linatopa, koma silinabaye. Tsiku lotsatira anapita patsogolo pang'ono. Lina lake, akuvala malaya, anazindikira kuti wawavala osaganizako. Anakweza mkono mpaka chala chinakhudza udzu wa denga. Anaima choncho, mkono uli m'mwamba, misozi ili m'maso. Munthu woyamba amene anafuna kumuonetsa anali yemwe anamuletsa kubwera.

Anathamangira kushedi. Kanyumba kaja kanali pululu. Pansi panali posesedwa, mphasa yobwereka ija itapindidwa n'kuimikidwa pakona.

"Mukufuna a kutsidya aja? Anapita."

Anali a Ajira, mayi wogula usipa wouma n'kumakagulitsa ku Namwera ndi ku Katuli.

"Anakwera nane lole sabata yatha. Ali ku Katuli, komwe kuli anzawo othawa nkhondo. Ulendo wake unali womvetsa chisoni, bambo uja kumukweza ngati thumba. Mtsikanayo anandipatsa mawu anu, koma ndinali ndisanakuoneni."

"Anati chiyani?"

"Anati musasiye chubu, kaya n'chubu chanji. Anatinso Mulungu adalitse ukwati wanu, ndipo jekete likukhaleni bwino."

"Ukwati wanji?"

A Ajira anamuyang'ana, n'kugwira pakamwa. "Iii! Kodi si zoona?"

* * *

Yakobo anamupeza Keti akusita zovala pakhonde la bambo ake. Atangoona nkhope ya Yakobo, anaika simbi pamwala.

"Chinkhoswe chathu ndi liti, Keti? Ndiuze, ndikagule jekete."

"Usandinyoze pakhomo pathu."

"Wathamangitsa munthu wolumala chifukwa cha bodza."

"Palibe amene anawathamangitsa! Bambo anangonena kuti kanyumbako akufuna kusungiramo injini. Anapita okha. Ndipo linali bodza bwanji? Aliyense ankadziwa. Amayi ako ankadziwa. Iweyo sunkadziwa? Pamene unkalephera kugona ndi ululu, ndani ankakutumizira phala? Pamene anakutemera n'kutupa, ndani anapita wapansi kukakugulira mapiritsi? Ine ndinalibe nzeru za mafupa, Yakobo. Ndinali ndi mtima basi. Wina wabwera dzulo, wakugwira kumsana, basi ine ndasanduka mphepo."

Yakobo anabwera ndi mkwiyo, koma mkwiyowo unasowa pogwira. Zonse zimene Keti ananena zinali zoona.

"Unandichitira zabwino, Keti. Sindidzaiwala. Koma sindingakunamize. Mtima wanga suli pano."

"Ukapita ku Katuli, pa bwato la bambo anga usadzakwerenso."

"Ndikudziwa."

Keti anatola simbi, n'kuiika pa malaya. Misozi inagwera pansalu, simbi n'kuiumitsa.

Kunyumba, a Dorika anamuona akuika malaya m'kachikwama. Sanakuwe, sanamugwire. Anangokhala pampando, manja ali pamaondo.

"Ndiye phewa lachira kuti likapalasire ena," anatero.

"Ndibwera, amayi. Ndikungofuna akamve zoona kuchokera m'kamwa mwanga."

"Pita. Koma udziwe kuti pobwera udzapeza mudzi wina. Anthu amene takhala tikudya nawo sadzatipatsanso moni."

Anamumangira chinangwa chophika m'kansalu. Pomupatsa sanamuyang'ane.

* * *

Ulendo wa ku Katuli unali wautali. Lole inawoloka Shire pa Mangochi, n'kukwera mapiri a ku Namwera ikulira, kenaka n'kulowa msewu wafumbi wokumbikakumbika. Yakobo, mwana wa kunyanja, anafika atafiira ndi dothi mpaka m'nsidze.

Kuseri kwa timagolosale ta pamsika kunali tizisakasa taudzu tambirimbiri, tina tofolera ndi mapepala apulasitiki. Anafunsa za bambo wa mwendo umodzi, ndipo anamulozera pansi pa mtengo wa msuku. Avelino anali pomwepo, akuluka dengu. Anali ataonda. Ataona Yakobo, sanachite nthabwala.

"Mwabwera, achimwene."

"Ndabwera. Kulibe ukwati, a Avelino. Kunalibe n'kale lomwe. Linali bodza."

Avelino anatseka maso, n'kupuma mozama. "Mukanabwera dzana," anatero chapansipansi. Kenaka anaitana, "Leticia! Kuli mlendo."

Leticia anatuluka m'chisakasa atawerama. Maso ake anali otupa. Ataona amene waima pabwalo, anagwira nsanamira.

"A Yakobo."

"Keti ananama. Sindinafunsire munthu wina aliyense, ndi inu nokha. Bwato la a Howard ndalisiya. Ndabwera kudzakutengani, kapena kudzakhala kuno ngati mukufuna. Kulima ndiphunzira."

Mayiyo anayandikira pang'onopang'ono. M'malo moyankha, anayang'ana phewa lake.

"Takwezani."

Yakobo anakweza mkono mpaka m'mwamba.

"Sukubaya?"

"Ngakhale pang'ono."

"Simunasiye." Anamwetulira, koma kumwetulirako kunasweka pakati. Anakhala pansi pafumbi, n'kuphimba nkhope ndi manja onse awiri. Mapewa ake ankagwedezeka.

Yakobo anagwada pambali pake. "Mukulira chiyani? Zatha. Amayi adzazolowera. Amalume ndikalankhula nawo ndekha."

"Si za Keti." Anapukuta maso ndi chitenje. "Khalani pansi bwinobwino, a Yakobo. Pali zimene sindinakuuzeni, chifukwa ndinkayesa kuti ndi za akufa, ndipo akufa sindinkafuna kuwadzutsa."

Yakobo anayang'ana Avelino. Avelino anali atasiya kuluka.

"Kwathu ndinali pabanja," anatero Leticia. "Ndinali ndi mwana wamkazi, Lusia. Anali atangoyamba kuyenda. Tsiku limene anatentha mudzi, ine ndinali kuchipatala ndi achimwenewa, atangowadula mwendo. Mwana anali ndi bambo ake kumudzi. Nditapitako ndinapeza phulusa. Anthu anandiuza kuti palibe amene anapulumuka. Ndinalira maliro opanda mtembo. Ndinameta. Zaka zinayi zapita."

"Pepani. Sindinkadziwa. Koma zimenezo sizisintha..."

"Dikirani." Analoza chisakasa china, pomwe mayi wina wowonda kwambiri anagona pamphasa, mapazi atakulungidwa nsanza. "Awo ndi a Khadija. Nyumba yawo inali moyang'anana ndi yathu. Awoloka malire dzulo. Atandiona pamzere wolandira ufa anakuwa ngati aona mzukwa. Akuti anthu amfuti aja sanaphe onse. Ena anawatenga kupita nawo kutchire kukawalimira. Iwowa anali komweko mpaka mwezi watha."

Anatembenukiranso kwa Yakobo, n'kupitiriza.

"Lusia ali moyo, a Yakobo. Akuti watalika, amatunga madzi yekha. Ali ndi kachipsera pachibwano, kamene anagwa nako ndili pomwepo. Ndi iyeyo."

Yakobo anamva chimwemwe ndi mantha nthawi imodzi. Anamugwira dzanja. "Ndiye tikamutenge! Ndipita nanu. Mwana wanu ndi mwana wanga. Ndidzamubereka kumsana kuno mpaka ku Chembe."

"Ndamuletsa kale," Avelino analowerera, mawu ali olemera. "Njira imeneyo ndi imene inadya mwendo wanga. Koma sakundimvera. Akuti anyamuka ndi anthu owoloka mawa."

"Sapita yekha," anatero Yakobo. "Ndanena kuti ndipita naye."

Leticia anasolola dzanja lake pang'onopang'ono, n'kuliika pachifuwa pake. Anamuyang'ana m'maso, nthawi yoyamba osazemba.

"Simungapite nane."

"Chifukwa chiyani?"

"Chifukwa mwanayo sali yekha. Amene akumusunga, amene anamubisa m'dzenje tsiku lija, amene akuti mpaka lero amafunsa aliyense wodutsa ngati anandionapo... Ndi bambo ake. Amuna anga ali moyo, a Yakobo."